NDEGE IMENE SINABWERERE: MMENE MABANJA AMAFUFUZIRA MBIRI YA ABALE AWO

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inayamba m'chaka cha 1939 ndi kutha m'chaka cha 1945, dziko la Britain linali ndi gulu lalikulu la asilikali a m'mlengalenga lotchedwa Bomber Command. Ntchito ya gululi inali kusenza mabomba pa ndege, kuwoloka nawo nyanja usiku, ndi kukawaponya pa mafakitale, njanji, madoko ndi mizinda ya ku Germany ndi ya m'mayiko amene Majeremani analanda. Amuna pafupifupi 125,000 anauluka m'ndege zimenezi, ndipo ntchito youlukayi anailowa mwa kufuna kwawo. Mwa iwowa, 55,573 anafa, oposa 8,000 anavulala, ndipo pafupifupi 10,000 anagwidwa ndi kutsekeredwa m'misasa ya akaidi a nkhondo. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse, 44 sanaonenso kwawo.

Padutsa zaka ngati 80 chithere nkhondoyo. Makolo a anyamatawo anatha kalekale, akazi awo ndi alongo awo nawonso ambiri anatsikira kuli chete. Koma funso limene iwo anafa nalo silinafe. Lero ana, adzukulu ndi zidzukulutudzi ndiwo akulemba makalata, kuvundukula mabuku akale ndi kuyenda maulendo ataliatali pofuna kudziwa kuti mbale wawo anauluka ndi yani, anagwera kuti, ndipo anagona pati. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake mbiri ya anthu amenewa inasowa, ndiponso njira zimene mabanja amatsata poifufuza.

Anthu asanu ndi awiri, moyo umodzi

Ndege yotchuka koposa pa gululi inali Lancaster, ya mainjini anayi, imene inayamba kupita ku nkhondo m'chaka cha 1942. Zonse pamodzi anapanga 7,377, ndipo zoposa 3,000 zinatayika pa nkhondo. Panalinso zina monga Halifax, Stirling ndi Wellington. M'ndege ya Lancaster munkakhala anthu asanu ndi awiri: woyendetsa, injiniya woyang'anira mainjini ndi mafuta, wolondola njira ndi mapu, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi owombera mfuti awiri, wina pamsana pa ndege, wina kumchira. Ambiri anali anyamata osakwana zaka 25.

Kasankhidwe ka anthu ouluka pamodzi kanali kodabwitsa. Pa sukulu ina ya maphunziro, akuluakulu ankasonkhanitsa anyamata onse m'chinyumba chachikulu chosungiramo ndege ndi kuwauza kuti asankhane okha. Motero mlimi wa ku Canada ankatha kugwirizana ndi kalaliki wa ku London ndi mwana wasukulu wa ku Australia, osadziwana ndi kale lomwe, ndipo kuyambira tsikulo ankadyera pamodzi, kuuluka pamodzi, kawirikawirinso kufera pamodzi. Lamulo linali lakuti gulu lotere liuluke maulendo 30 a ku nkhondo lisanapumule. M'miyezi yoipitsitsa ya 1943 ndi 1944, ambiri sankafika pa nambalayo. Usiku wa pa 30 Malichi 1944 wokha, ndege 795 zinatumizidwa ku mzinda wa Nuremberg ndipo 95 sizinabwerere.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa wofufuza. Mbiri ya munthu mmodzi ndi mbiri ya anthu asanu ndi awiri, ndipo chimene banja lina silidziwa, mwina chili m'kabati ya banja lina kutsidya kwa nyanja.

Anachokera kutali

Ambiri mwa amene anafa anali a ku Britain, koma pafupifupi 10,000 anali a gulu la ndege la ku Canada, pafupifupi 4,000 a la ku Australia, ndipo ena a ku New Zealand, Poland ndi mayiko ena. Analiponso anthu akuda. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone anali wolondola njira m'ndege ya Stirling imene inawomberedwa mu Novembala 1943. Iye anapulumuka, anakhala mkaidi mpaka nkhondo itatha, ndipo pambuyo pake anakhala loya wotchuka kwawo. Cy Grant wa ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana, nayenso anali wolondola njira, ndipo Lancaster yake inagwa ku Netherlands mu Juni 1943.

Chigawo chino cha Africa nkhaniyi inachikhudzanso. Kuyambira 1940, ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe, kunali sukulu zophunzitsa za ndege pafupi ndi mizinda ya Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo, ndipo anthu pafupifupi 10,000 ochokera m'mayiko osiyanasiyana anaphunzira kumeneko. Gulu la nambala 44, limene linkakhala pa bwalo la Waddington ku England, linapatsidwa dzina la Rhodesia, ndipo ndilo linayamba kulandira ndege za Lancaster. Pa 17 Epulo 1942, John Nettleton, wobadwira ku South Africa, anatsogolera ndege 6 mwa ndege 12 zimene zinapita kukaphulitsa fakitale ya mainjini a sitima za pansi pa madzi ku Augsburg, dzuwa likuswa mtengo. Ndege 7 zinatayika. Nettleton anabwerera ndi kulandira mendulo yapamwamba koposa ya Victoria Cross, koma mu Julayi 1943 anasowa pochokera ku Turin, ndipo mtembo wake sunapezeke. Ngakhale munthu wotchuka chotere alibe manda.

Telegalamu ya mawu ochepa

Ndege ikapanda kubwerera m'mawa, akuluakulu a bwalo sankadziwa zambiri. Pa ulendo, wayilesi inkakhala chete kuopa kuti adani angamve, kotero kuti chinyamukire ndegeyo sipankamvekanso kanthu. Tsiku lomwelo kapena lotsatira, banja linkalandira telegalamu yakuti mwana wawo wasowa pa ntchito. Kenaka kunkabwera kalata ya mkulu wa gulu yopepesa. Katundu wa wosowayo ankachotsedwa msanga pa bedi lake ndi kusungidwa, kuti anzake otsala asasweke mtima, ndiponso kuti olowa m'malo apeze pogona.

Tsono kudikira kunkayamba. Majeremani ankalemba maina a ogwidwa ndi a akufa amene awazindikira, ndi kuwatumiza ku bungwe la Red Cross ku Geneva, lomwe linkawapereka ku London. Zimenezi zinkatenga milungu kapena miyezi. Mabanja ena ankalandira kakhadi kolembedwa ndi dzanja la mwana wawo kuchokera ku msasa wa akaidi, misozi n'kusanduka nthungululu. Ena sankamva kanthu, ndipo ikapita miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, boma linkawalembera kuti tsopano likumuwerengera wosowayo ngati womwalira. Panalibe mtembo, panalibe maliro, panalibe manda okalirapo. Alipo amayi amene anakhala moyo wawo wonse akuyembekeza kuti tsiku lina adzamva kugogoda pa chitseko.

Nawonso opulumuka ambiri sankakamba za nkhondo. Ena ankadzimva olakwa chifukwa anakhala ndi moyo pamene anzawo anafa. Ena anatseka pakamwa chifukwa cha mmene dziko linawalandirira. Mabomba awo anapha anthu wamba ochuluka zedi: ku Hamburg mu Julayi 1943 kunafa anthu pafupifupi 40,000, ndipo ku Dresden mu Febuluwale 1945 kunafa anthu ofika 25,000. Nkhondo itatha, atsogoleri ambiri sanafune kuti maina awo amveke pamodzi ndi ntchito imeneyo. Winston Churchill sanatchule gululi m'mawu ake othokoza asilikali mu Meyi 1945, ndipo silinapatsidwe mendulo yakeyake. Chipilala cha chikumbutso chawo mu London chinatsegulidwa mochedwa, pa 28 Juni 2012, ndipo kachizindikiro kapadera kovala pa mendulo kanaperekedwa mu 2013, ambiri atamwalira kale.

Ofufuza oyamba

Boma la Britain silinangokhala manja lende. Nkhondo ili pafupi kutha linakhazikitsa gulu lotchedwa Missing Research and Enquiry Service, ndipo linalipatsa maina oposa 40,000 a asilikali a ndege osowa. Anthu a gululi anayenda mudzi ndi mudzi m'mayiko a ku Ulaya, kufunsa mafumu a mizinda, ansembe, apolisi, alimi ndi okumba manda. Ankawerenga manambala pa zidutswa za mainjini ndi kuwayerekeza ndi mabuku a ku fakitale. Ankafukula mitembo ndi kuyang'ana mano, mphete, zizindikiro za udindo pa malaya, ngakhale manambala amene ochapa zovala ankalemba pa kolala. Timabaji ta dzina timene asilikali ankavala m'khosi nthawi zambiri tinkapsa kapena kuwola. Pofika nthawi imene ntchitoyi inatsekedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, anali atapeza mbiri ya oposa theka la osowawo.

Amene anapezeka sanawatengere kwawo. Lamulo la bungwe losamala manda a nkhondo, limene linakhazikitsidwa mu 1917 ndipo lero limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, ndi lakuti msilikali agone m'dziko limene anafera, ndipo mwala wa mkulu ufanane ndi wa wamng'ono. Ku Germany mitembo inasonkhanitsidwa m'manda akuluakulu monga a Reichswald Forest, Rheinberg, Durnbach, Hanover ndi Berlin. Ku France, Belgium, Netherlands ndi Denmark ambiri anasiyidwa m'manda a m'midzi momwe eni mudzi anawaika. Kumene mitembo inalephereka kusiyanitsidwa, anzakewo anaikidwa m'manda amodzi, miyala yawo n'kuimikidwa mogundana. Amene sanapezeke konse, makamaka ogwera m'nyanja, maina awo analembedwa pa chipilala cha ku Runnymede, pafupi ndi mtsinje wa Thames, chimene Mfumukazi Elizabeth II inatsegula pa 17 Okutobala 1953. Pamenepo pali maina oposa 20,000.

Poyambira ndi pakhomo

Ofufuza ozolowera amalangiza kuti ntchito iyambire m'nyumba. Akuluakulu amati safunsa anadya phula: okalamba a m'banja afunsidwe akadali ndi moyo, ndipo mawu awo alembedwe monga momwe awanenera. Masutikesi akale atsegulidwe. Zofunika kwambiri ndi dzina lonse la msilikaliyo, tsiku lobadwa, ndi nambala yake ya usilikali, chifukwa maina amafanana koma nambala sifanana. Kuseri kwa zithunzi nthawi zambiri kumakhala maina a anzake, ndipo pa envulopu ya kalata pamakhala dzina la bwalo limene ankakhala.

Chuma choposa zonse ndi buku la maulendo. Aliyense wouluka ankakhala ndi buku lake mmene ankalemba tsiku, nambala ya ndege, dzina la woyendetsa, kumene apita ndi maola amene akhala m'mwamba. Maulendo a usiku kawirikawiri ankalembedwa ndi inki yofiira. Mabuku a anthu akufa ankasungidwa ndi boma kuti abale adzawatenge, koma ambiri sanatengedwe. Mu 1960, boma litalengeza m'nyuzipepala, linawononga pafupifupi onse otsala ndi kusungako ochepa okha ngati chitsanzo. N'chifukwa chake banja limene lili ndi buku lotere liyenera kulisamala ngati diso.

Zolembedwa za boma

Ngati msilikaliyo anafa pa nkhondo, khomo loyamba kugogoda ndi la bungwe la manda lija. Kaundula wake ali pa intaneti ndipo aliyense angamuwerenge kwaulere. Amatchula udindo, nambala, gulu, tsiku la imfa, manda kapena chipilala, ndipo nthawi zambiri maina a makolo ndi kwawo. Amasonyezanso mawu ochepa amene banja linaloledwa kusankha kuti alembedwe patsinde pa mwala.

Wofufuza akadziwa gulu ndi tsiku, amapita ku mabuku a gululo, amene amasungidwa ku National Archives ku Kew, mu London, pansi pa chizindikiro cha AIR 27. Gulu lililonse linkalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndiponso mndandanda wa ndege zonse zopita ku nkhondo, maina a okweramo, nthawi yonyamuka ndi nthawi yotera. Pa ndege yosowa, malo a nthawi yotera amakhala opanda kanthu. Poyang'ana masamba a m'mbuyo, banja lingathe kutsata maulendo onse a mbale wawo, usiku ndi usiku, mpaka womaliza. Pamalo omwewo pali mafayilo a anthu ovulala ndi osowa, a chizindikiro cha AIR 81, amene akhala akutsegulidwa pang'onopang'ono.

Pepala la ntchito ya msilikali aliyense, losonyeza kumene anaphunzira ndi kumene anatumizidwa, linkasungidwa ndi unduna wa chitetezo wa Britain, ndipo mu 2021 mapepala otere anayamba kusamutsidwira ku National Archives. Apa pali nzeru ina imene ofufuza anaitulukira. Mayiko a Canada ndi Australia anatsegula mafayilo a asilikali awo akufa pa nkhondoyi, ndipo ambiri angawerengedwe pa intaneti. Popeza m'ndege imodzi munkakhala anthu a mayiko osiyana, banja la ku Britain lingathe kupeza lipoti lonse la kugwa kwa ndegeyo m'fayilo ya mnzake wa ku Australia amene anali naye.

Palinso mabuku a akatswiri. Martin Middlebrook ndi Chris Everitt anatulutsa mu 1985 buku lofotokoza maulendo onse a Bomber Command tsiku ndi tsiku, ndipo W. R. Chorley analemba mabuku angapo otchula ndege iliyonse yotayika ndi anthu ake. Mu 2018, ku Lincoln, m'chigawo chimene munali mabwalo ambiri a ndegezi, kunatsegulidwa International Bomber Command Centre. Kumeneko kuli nsanja yachitsulo ya mamita 31, utali wofanana ndi wa mapiko a Lancaster, yozunguliridwa ndi makoma olembedwa maina pafupifupi 58,000, kuphatikizapo a ogwira ntchito pansi. Malowa amasonkhanitsanso makalata, zithunzi ndi mawu ojambulidwa a anthu a mbali zonse za nkhondoyo.

Anthu a kumene ndege inagwera

Zolembedwa za boma zimathera pamene ndege inanyamuka. Zotsatira zake zimadziwika ndi anthu a kumene inagwera. M'midzi yambiri ya ku Netherlands, Belgium ndi France, ana amene anaona moto kumwamba usiku umenewo anakula ndi chidwi chofuna kudziwa alendo amene anafera m'minda ya makolo awo. Mbiri ya ndege ya Cy Grant inalondoledwa motero, ndi munthu amene anali kamnyamata m'dera limene inagwera. Magulu a anthu otere amasunga zidutswa za ndege, amasesa manda, amaimika timiyala ta chikumbutso, ndipo amalandira abale a akufawo ngati achibale awo.

Komabe wofufuza ayenera kusamala. Nkhani za m'banja zimakula pamene zikudutsa m'kamwa mwa anthu. Maina a midzi ankalembedwa molakwika. Oyendetsa ndege za Majeremani zolimbana ndi adani usiku, pamodzi ndi owombera mizinga ya pansi, ankalemba nthawi ndi malo a ndege imene agwetsa, koma usiku wa chipwirikiti anthu awiri ankatha kudzitamandira ndege imodzi. Mfundo imakhazikika pokhapokha mboni ziwiri kapena zitatu zosadalirana zikagwirizana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ena atha zaka zambiri pa ndege imodzi.

Nthaka ikubwezabe

Mpaka m'zaka zaposachedwa, osowa ena akhala akupezeka. Mu 1997, ndege ya Halifax ya gulu la ku Canada, imene inagwera m'dambo ku Belgium mu Meyi 1944, inafukulidwa ndipo munapezeka mafupa a anthu atatu. Anaikidwa mwaulemu pafupi ndi anzawo, abale awo akuona. Chitsulo china cha ndegeyo chinasungunulidwa ndi kugwiritsidwa ntchito pa denga la chipilala cha mu London chija. Mu 2020, boma la Netherlands linavuula ndege ya Stirling m'nyanja ya Markermeer, imene inasowa mu Malichi 1943 pochokera ku Berlin, ndipo anthu ake anaikidwa m'manda mu 2022. Pa ntchito yotere, ofesi yapadera ya unduna wa chitetezo wa Britain imafunafuna abale amoyo, ndipo nthawi zina kuyeza kwa DNA kumathandiza kuzindikira mwini mafupa. Apa m'pamene kulembetsa dzina kwa mabungwe osunga mbiri kumapindula, pakuti banja losadziwika kumene lili silingaitanidwe ku maliro.

Zimene wofufuza amapeza si zonse zokoma. Buku lomwe limatchula dzina la agogo ake limatchulanso mzinda umene anakauphulitsa, ndipo m'mzindamo munali ana ndi amayi amene nawonso ali ndi adzukulu ofunsa mafunso omwewo. Chipilala cha mu London chili ndi mawu okumbukira anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba pa nkhondoyo. Mabanja ambiri apeza kuti angathe kulemekeza kulimba mtima kwa mnyamata wa zaka 20 amene anakwera ndege akudziwa kuti mwina sabwerera, popanda kubisa zimene mabomba ake anachita pansi.

Omvera ambiri a kuno alibe mbale amene anauluka mu Lancaster, koma ali ndi agogo amene anapita ndi gulu la King's African Rifles ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar ndi Burma pa nkhondo yomweyo, ena osabwerera. Zolembedwa za asilikali a ku Africa sizinasamalidwe mofanana ndi za Azungu, ndipo mu 2021 bungwe la manda lija linavomera poyera kuti Aafrika ochuluka amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi maina awo. Ngakhale zili choncho, njira yofufuzira ndi yomweyo: dzina monga linalembedwera pa nthawiyo, nambala ya usilikali imene imapezeka pa chikalata chotulukira usilikali, dzina la mudzi ndi la mfumu, ndi mawu a okalamba amene akukumbukirabe tsiku limene mnyamatayo anakwera galimoto. Zimenezi zikalembedwa lero ndi kusungidwa pabwino, mdzukulu amene adzafunse mawa adzakhala ndi poyambira.